Mbendera ya ku Malo Atsopano

KWA: A Wapampando ndi mamembala onse a Komiti ya Malo Atsopano, kufupi ndi Migowi, m'boma la Phalombe.
KUCHOKERA KWA: Mlembi wa Komiti.

Ndikupereka ulemu wanga kwa inu nonse. Dziwani kuti bukuli ndi langa la m'thumba, si la maminitsi, ndipo sindidzabwera nalo ku msonkhano. Ndayamba chonchi chifukwa ndi mmene ndinaphunzirira kulemba nkhani yofunika.

Lolemba, 5 Ogasiti 2024

Msonkhano unayamba 9 koloko pafupi ndi mjigo. Aphunzitsi a Ethel anabwera ndi phukusi lochokera ku tauni ija ya ku Galicia, m'dziko la Spain, imene inatikumbira mjigowu titasamutsidwa m'munsi mwa phiri pambuyo pa namondwe wa Freddy. M'phukusimo munali kalata ndi mbendera yawo.

Maonekedwe ake ndi awa. Nsalu yoyera, mzere wabuluu wokhotakhota ngati mtsinje. Pakati chishango, pamwamba pake chisoti chachifumu. M'chishangomo kanyumba kamiyala kokhala ndi miyendo, kamtanda padenga.

A Jonasi, wapampando, anavula chipewa nati, "Anzathuwa atitumizira bokosi la maliro?" A Ethel anawerenga kalata n'kunena kuti imeneyo ndi nkhokwe ya kwawoko, miyendoyo ndi yakuti makoswe asakwere. A Rozaria anati, "Kani nawonso makoswe amawazunza? Ine ndimayesa a kumeneko amadyera ku hotela." Anthu anaseka kwambiri.

Kalatayo ikupempha kuti nafenso titumize mbendera yathu, akaipachike m'holo ya khonsolo yawo. Mlendo wawo adzainyamula Lachitatu la sabata ya mawa. Mbendera tilibe. Chigamulo: ndisoke ineyo, pakuti ndine telala.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Nkhani ya lero: tiikepo chiyani. A Eric anati ng'oma ya tchopa. A Rozaria anati nandolo. Wina kumbuyo anati kalongonda, ndipo anamuyankha kuti azunguwo alibe nkhuni zophikira tsiku lonse.

A Jonasi anaima nati, "Munthu akafunsa kuti kwanu n'kuti, mumaloza nandolo? Timaloza phiri." Ovomera phiri anakweza manja, asanu ndi awiri. Okana awiri. Ine sindinakweze, ndinali kulemba. Zoona zake n'zakuti ndinachita dala kuchedwa kulemba.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Ndinawauza akazi anga, a Aliness, akusenda chinangwa pakhonde. Sanasiye kusenda. Anati, "Bambo a Madalo, phiri limene linatenga mwana wanga ndi mayi anga mukalisokere pakhonde panga?"

Ndinati ndi chigamulo cha komiti.

Anati, "Komitiyo inakumba nawo matope? Mukasoka chimenecho pano, munyamule makina anu mubwerere kwanu ku Chiringa."

Sanakweze mawu. Ndikulemba kuti zidziwike: ine pano ndine mkamwini. Malo amene tinapatsidwa ali m'dzina lawo, monga analili akale aja. Zanga ndi makina ndi sizasi. Zaka khumi ndi zinayi m'banja, mawu amenewa sanandiuzepo.

Madalo akanakhala mu Sitandade 5 chaka chino.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Sindinasoke kanthu.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Ndinapita kwa a Jonasi kukapempha mwaulemu kuti ntchitoyi ipatsidwe kwa telala wina. Anati, "A Mulipa, ine ndinataya atatu. Mukuganiza kuti ndikakweza maso sindiona? Koma tikachotsa phiri titsala anthu a kuti? A pamjigo?" Nawonso akunena zoona.

Ndaganiza chonchi: pakhonde pawo ndi pamene andiletsa. Ku Migowi sanatchuleko.

Loweruka, 10 Ogasiti

Ndinakweza makina pa kabaza wopita ku Migowi. Ndinawauza a Aliness kuti akufunika kukonzedwa, zimene sizinali zoona. A Noah, telala mnzanga, anandipatsa malo pakhonde la sitolo pamene amasokera.

Ndinadula nsalu yabuluu ya kumwamba, yobiriwira ya phiri, yachikasu ya chishango. Phirilo ndinajambula ndi choko kuchokera m'mutu. Linatuluka bwino, losalala ngati la pa kalendala. A Noah anati, "Achimwene, limeneli azungu akaliona abwera ndi mahema." Ndinaseka nawo.

Lolemba, 12 Ogasiti

Chimene ndinaiwala n'chakuti a Aliness amabwera ku Migowi kudzagulitsa nandolo. Ndili pakati popinda m'mphepete ndinaona mthunzi pansalu. Anaima ndi dengu pamutu. Anayang'ana mbendera, anayang'ana makina amene ndinati ndi owonongeka.

Anangoti, "Akonzeka?"

Ndinati eya.

Anapita. A Noah anati, "Ndikadakhala inu, lero ndikanadyera konkuno." Kunyumba ndinapeza chakudya changa chovundikiridwa bwino. Ndayang'ana chikwama changa chakale cha paulendo, zipi yake ikugwirabe.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

M'mawa a Aliness anati, "Kaitengeni mbendera ija. Ndi makina omwe." Ndinaganiza kuti ndi ulendo wa ku Chiringa. Ndinapita n'kubwera nazo.

Anayala mkeka pakhonde, anatambasula mbendera, anagwada. Kenaka anati, "Ili ndi phiri la yani?"

Ndinati lathu.

Anati, "Lathu silili chonchi. Mwalisambitsa. Mukufuna anthu akutaliwo azinena kuti tinathawa malo okongola chonchi chifukwa cha ulesi?"

Analuma m'mphepete mwa chitenje chimene anavala, chofiirira, n'kung'amba kansalu kotalika ngati mkono. Anakaika kuchokera pansonga ya phiri kutsika pansi. Ndinamva chimene akutanthauza: njira imene napolo anadutsa, imene mpaka lero imaoneka poyera. Ndinafuna kukawongola kuti kakhale pakati, monga ntchito ya telala imafunira. Anandimenya dzanja.

"Inu tsiku lija munali ku Migowi. Ine ndinaliko. Anayambira apa, anakhotera kumanzere pa mwala waukulu uja, ndiye anafika kwa amayi."

Anakakhotetsa ndi chala chawo. Anapempha mapini, ndinawapatsa.

Ndinati komiti sinagamule zimenezi, ndipo nthawi yoitanitsa msonkhano palibe. Anati, "A Jonasi akafuna kufunsa abwere pano. Ndiwaonetsa pamene panali nyumba yawo, ndi apa." Anabaya pini ina.

Ndinakhala pa makina. Iwo anagwira nsalu mbali inayo kuti isakwinyike. Titafika pokhota paja anati, "Pang'onopang'ono, bambo a Madalo." Ndinasiya chopondera, ndinazunguza gudumu ndi dzanja mpaka pansi. Ulusi anadula okha ndi mano.

Atatero anati makina ndiwalowetse m'nyumba, kunja kuli fumbi.

Ine, Laston Gracious Mulipa, mlembi ndi telala, ndikutsimikiza pamaso pa Mulungu kuti zonse zalembedwa m'bukuli zinachitika monga ndalembera, ndi bodza langa la Loweruka lomwe.