Mabowo Amene a Langton Anatseka pa Nyumba ya Che Akram

KOMITI YOSAMALA NYUMBA YAKALE YA CHE AKRAM, MWANZA BOMA

Tsiku: Loweruka, 8 Febuluwale 2025
Malo: pakhonde, chifukwa m'katimo fungo la chuku silikupiririka
Analipo: a Swaibu (wapampando), Mayi Ashura (mdzukulu wa Che Akram, ndi amene amagonamo), a Langton (mmisiri), ine Sankhani (mlembi, ndikuyankhula, a Patience akundilembera)
Sanabwere: a Nickson, akuti njinga yaphwa

1. Wapampando anakumbutsa kuti nyumbayi ndi yotetezedwa. Njerwa zake anamangira dothi, khoma kunenepa kwake mkono wathunthu, kunja laimu. Anati sitisintha kanthu osafunsa. Ananena katatu. Ayi, kanayi.

2. Mabowo. Mayi Ashura anati m'munsi mwa denga munali mabowo khumi ndi awiri amene agogo awo anasiya dala kuti mpweya uziyenda. Pano onse atsekedwa ndi simenti. Khoma likuchita thukuta, laimu akusendeka, mkeka wawo woswalirapo wachita chuku, ndipo iwo akutsokomola chiyambire mvula.

A Langton anati ankayesa kuti omanga akalewo njerwa zinawathera. "Ndimati ndiwamalizire ntchito anzanga. Komanso mileme."

Mayi Ashura anati, "Zaka zonsezi nyumba ikupuma bwinobwino, inu kudzaitseka mphuno! Za mileme ndinakudandaulirani ine?"

A Langton anati ndiye agogowo akanasiya chikwangwani. Wapampando anagwira mutu. A Patience, zimenezo musalembe. Kapena lembani, zinachitikadi.

3. Wapampando anati akuluakulu oona za zinthu zakale akubwera Lachinayi. Akadzapeza simentiyo akhoza kunena kuti banja lalephera kusamala, mayiwa n'kutulutsidwa m'nyumba imene anabadwiramo. Tinagwirizana kuti a Langton agomole simenti yonse ndi tchizulo, pang'onopang'ono, osati ndi hamala yaikulu ija. Njerwa isasweke ngakhale imodzi. A Langton anang'ung'udza, zimene ananena sindinamve.

4. Zina. Mayi Ashura anafunsa kuti tsiku limene a Langton ankatseka mabowowo anawagwirira makwerero ndani. Ine apa... a Patience, tadikirani. Chabwino, lembani. Ndinali ine. Ndinawayamikiranso kuti pakongola. Lolemba m'mawa ndikagwiranso makwerero omwewo.

Msonkhano wina: Lachitatu, kudzawerenga mabowo. Akwane khumi ndi awiri.

Tinatseka nthawi ya 11:40 m'mawa.

Wapampando: Swaibu ____________
Mlembi: Sankhani ____________