Mbuzi Zopatsirana

Lolemba, 3 Malichi

Alangizi abwera lero. Njinga yamoto yomwe ija, koma bokosi la katemera palibe. Tinakhala pakhonde la sukulu, gulu lonse la mbuzi. Akuti ndalama zochokera kunja zaima. Mayiko amene ankathandiza bungwe lawo asintha maganizo, ofesi itsekedwa mwezi ukatha. "Akuti kwawonso kwatentha," anatero, maso ali pansi.

Wina anafunsa za kupatsirana. Lamulo paja linali lakuti ukalandira mbuzi, ana oyamba upatse mnzako wotsatira. Alangizi anangoti, "Zimenezo zili ndi inu tsopano."

Mbuzi yanga ili ndi ana awiri, aakazi okhaokha, aleka kale kuyamwa. Wotsatira wanga ndi Mai Wailesi, akazi a alamu anga. Alamu omwe aja anabwera ndi ngolo bambo a ana anga atangoikidwa, n'kukhomola malata a kukhitchini. Akuti anali a m'bale wawo. Kuchokera tsiku limenelo, moni wa pamsewu basi.

Lachitatu, 5 Malichi

Kumunda ndinapita. Khasu kuligwira, kulisiya. Kubwerera, kukaima pakhola ngati wosowa chochita.

Wogula mbuzi wayamba kale kuzungulira, dengu lake panjinga. Nkhani imam'fika msanga ameneyu kuposa abusa. Tonde wa gulu wapita dzulo. Amene ankamusunga akuti ndi malipiro a thukuta lake.

Chinanso, chachikulu. Wachisamba wanga. Kwabwera mayi wina wa foni yaikulu, akulemba atsikana ntchito za m'nyumba kutsidya kwa malire. Ulendo waulere, chakudya chaulere, zitupa asunga iyeyo kuti zisatayike. Mwana wam'patsa kale chake, osandiuza. Zaulere zotere sindinazionepo. Ngakhale a bungwe anayamba atimangitsa khola.

Ndikagulitsa tiana tiwiriti, kuphatikiza ndi mtedza uja, makina osokera ogwirapo kale ntchito angapezeke. Dzanja la singano ali nalo. Mwina angakhale.

Lachisanu, 7 Malichi

Kutauni, kuofesi ya bungwe. Ndimafuna munthu andiuze chochita, kaya perekani kaya gulitsani, kuti mlandu usakhale wanga.

Mipando yaunjikidwa pakona. Pakhoma pangotsala zipsera za zithunzi. Mlonda akupukuta galimoto yoti ikagulitsidwe. Alangizi ndinawapeza akumanga makatoni, malaya atatulukira kunja. Sindinawaonepo chonchi. Akazi awo ndi oyembekezera, ndinamva kwa mlondayo.

Ndinafunsa. Anaika katoni pansi. "Mayi, ine sindingakulamuleni. Ine ndemwe sindikudziwa kuti mwezi wamawa ndidzadzukira kuti." Kenako anandifunsa ngati timbuzi tija tinasiya kutsegula m'mimba. Amakumbukira.

Za mayi wa foni ndinawauzanso. Nkhope inasintha. Akuti kunali gawo la anzawo loona za atsikana otengedwa chonchi, ndilo linayamba kutsekedwa. "Chitupa chokha chibwere kaye," anatero.

Pobwerera ndinadutsa kwa telala wa pafupi ndi depoti. Makina alipo, akuda, chopondera chowotcherera. Ndinawayesa ndi phazi. Akuyenda.

Lamlungu, 9 Malichi

Ulaliki sindinaumve. Maganizo kukhola.

Pochoka ndinadzera njira ya kwa alamu, sindikudziwa chifukwa chake. Amanga khola. Lopendekeka, mitengo yaiwisi, koma lokwera m'mwamba monga tinaphunzirira. Pansi pake posesedwa bwino, m'kati mbuzi mulibe. Alamu ali pampando pakhonde, dzanja lakufa lija pamwendo. Chigwereni ndi sitiroko chaka chatha sagwira kanthu. Ndiye kuti anamanga yekha mkaziyo.

Madzulo uyu, Wailesi pakhomo panga. Koyamba m'zaka zonsezi. "Ndimangodutsa, mlamu." Kudutsa kupita kuti, kuseri kwanga kuli dambo? Munthu wolongolola chonchi lero mawu awiri okha. Maso ali patimbuzi.

Ndakumbukira mayi amene anandipatsa yanga. Anaikoka yekha ndi chingwe cha sisalo, akulira, mwana wake ali m'chipatala. Koma nthawi imeneyo kunali wotiyang'anira.

Lachiwiri, 11 Malichi

Takangana ndi mwana wanga. Ndinamuuza za makina, ndimayesa asangalala.

"Amayi, mukufuna ndikalambe pakhonde pano ndikusoka zigamba za anthu opanda ndalama?" Ndinati kumeneko sukudziwako aliyense. Akuti kuno akudziwa aliyense, ndiye vuto lake. Ndinati kalande chitupa. Akuti Loweruka akwera.

Sindinam'menye. Dzanja linafuna.

Wogula mbuzi wadutsanso. Watigwira msana, watiyang'ana mano, watinyoza monga amachitira. Ndamuuza abwere Lachisanu m'mawa. Makina akangofika m'nyumba muno, aone ndi maso, mwina mtima ungatembenuke.

Wailesi adzandinyoza mudzi wonse. Anyoze. Malata anga akumuteteza kudzuwa.

Kudya kwakanika. Mchere watha, sopo watsala kachidutswa.

Lachisanu, 14 Malichi

Ndadzuka, kukhola kuli make yekha, akulira. Ndinayesa akuba. Ndathamanga mpaka kudambo opanda nsapato.

Si akuba. Mwana wanga. Watenga tonse tiwiri kusanache n'kukatipereka kwa Wailesi, akuti amayi andituma. Ndinam'peza akutsuka mapazi pachitsime, osatekeseka. "Ndakuchotserani chokusowetsani tulo. Tsopano mulibe chondimangira."

Wogula mbuzi anabwera, ndinamubweza. Anapita akung'ung'udza.

Kukalanda? Ndinafika mpaka pampanda wawo. Ana awo ang'ono atazungulira khola, akupikisana kupereka masamba. Alamu akuseka ndi mbali imodzi ya kamwa. Anandikwezera dzanja labwinolo. Ndinabweza moni n'kutembenuka.

Ndiye ndapereka. Osati ndi mtima wabwino, ndisadzinamize.

Lachiwiri, 18 Malichi

Masiku awa cholembera sichimagwirika.

Loweruka anapitadi. Ndinapita kukatunga madzi, pobwera mphasa yake yopindidwa. Ndinakhala pansi pabwalo. Wailesi ndiye anandipeza, amabwera ndi mazira kudzathokoza. Nditamuuza, anaika mbale pansi. Mwana wa mchemwali wake anapita ndi mayi wotereyu chaka chapita, mpaka lero ngakhale foni. "Dzukani, mlamu. Inu simudziwa kukalipa pagulu, ndikakalipa ine."

Tinakwera lole ya mchenga. Kudepoti tinawapeza basi isananyamuke, atsikana angapo pampando wakumbuyo, mayi uja pakhomo ndi foni yake. Wailesi anatsegula kamwa. Anafunsa dzina la bwana wa ntchitoyo, msewu wake, kumene kuli mwana wa mchemwali wake, zonse mokweza mpaka ogulitsa nthochi anasiya malonda. Kondakitala anati basi yake sinyamula milandu. Mayi uja anatulutsa zitupa m'chikwama, anaziponya pampando, n'kulowa m'chigulu cha anthu. Sitinamuonenso.

Atsikana atatu anatsika. Awiri anakana, anati akadzipezera okha ntchito. Nkhope zawo zikundibwererabe.

Wanga anatsika womaliza. Njira yonse osandiyang'ana.

Lachinayi, 20 Malichi

Makina a telala agulidwa, ndamva. Ofesi ya bungwe ayamba kupaka utoto wina.

Make wa timbuzi akufunanso tonde, usiku ndi usana kulira. Wa gulu anadyedwa kale. Wailesi akuti kutsidya kwa mtsinje alipo wina, mawa tipite limodzi, tikapemphe. Waitananso amayi a gulu Lamlungu, akuti kupatsirana kusafe chifukwa azungu atopa. Kaya abwera angati.

Mwana salankhula nane. Amaphika, amasesa, amayankha "eya" ndi "ayi". Lero ndinam'funsa ngati akufuna tipite naye kutsidya kwa mtsinje. Anati, "Mwandibweza, amayi. Ndiye mundiuze chimene mwandibwezera."

Mpaka pano yankho ndikulifuna.

Chikwama chake sanamasule. Chili kuseri kwa chitseko, chitupa wachisokera m'kati mwa siketi. Chitseko chikangoti kwee, ine khutu lili komweko.