Moni wa Pakhonde la Khonsolo

Lolemba, 9 Juni

Mwana wanga amuchotsa kusukulu ya unamwino. Ati ndiye anatsogolera anzake kukakuwa za kusowa kwa madzi kogona. Mayeso omaliza ayamba Lolemba likubwerali. Zaka zitatu zithere pamenepa?

Ndapita kwa apulinsipolo. Ati, "Mayi, nkhaniyi yandipitirira. Ingabweze chigamulo ndi Khonsolo ya sukulu yokha, pamwamba pake palibenso wina." Ine ndinkayesa akuluakulu ndi iwowo. Kani nawonso ali ndi owalamula.

Lachiwiri, 10 Juni

Sakudya. Wagona choyang'ana kukhoma tsiku lonse.

Lachitatu, 11 Juni

Khonsolo ikumana Lachisanu, ndipo achimwene ndi mmodzi mwa anthu ake. Atawasankha chaka chatha ndinkawaseka kuti angopezerapo povalira suti ndi kumwa tiyi waulere. Lero ndawaimbira foni ndikulira. Ati, "Ndikamulankhulira mwanayo, koma iwe tsikulo usandidziwe."

Zandiwawa. Bere limodzi, ndisawadziwe? Maudindo amawononga anthu.

Lachisanu, 13 Juni



Tinakhala pabenchi pakhonde kuyambira m'mawa, ine ndi mwana. Kenako achimwene anatulukira limodzi ndi apampando a Khonsolo. Sindinaganize n'komwe. Chibadwire sindinakhalepo pansi iwo akudutsa. Mwana anandikoka diresi, koma ndinali nditadzuka kale. "Mwadzuka bwanji, achimwene?"

Apampando anayang'ana ine, n'kuyang'ana iwo. Analowa.

Posakhalitsa achimwene anatuluka, n'kudzakhala kumapeto kwa benchi lathu. Kani lamulo lawo ndi lakuti munthu sakhala nawo pa nkhani ya m'bale wake. Ndiye atatuluka iwo, otsalawo sanakwane chiwerengero choti n'kugamula chilichonse.

Mlembi wa Khonsolo anabwera. "Nkhani yanu idzakambidwa pamsonkhano wa Seputembala." Ndinagwada pasimenti pomwepo, anthu akuona. Ndinati mayeso ndi Lolemba lomweli, bambo, tipite kwa ndani? Ati kwina kulibe, mayi, kumwamba kwake ndi konkuno.

Loweruka, 14 Juni

Achimwene sakuyankha foni. Kwa apulinsipolo geti n'lokhoma.

Lolemba, 16 Juni

Wadzuka m'mamawa, wasita yunifolomu, wavala, mpaka kawotchi ka pachifuwa. Ndimati mwina pali chomwe wamva. Ayi. Wangokhala pabedi, anzake akudutsa pamsewu ndi mapensulo m'manja.

Ndamupititsira tiyi. Walandira ndi manja awiri monga mwa masiku onse.

"Amayi, mukanangokhala pansi."