A Ngozo Akupezako Bwino

Bwanje,
Ntcheu.
19 Okutobala 2024

Okondedwa achemwali Veronica,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Karonga. Kuno kwatentha monga mukudziwira Bwanje mwezi uno, ana m'kalasi akumayamba kuwodzera dzuwa lisanafike ndi pamutu pomwe. Mudabwa kuti bwanji ndikulemba kalata foni ili m'manja. Lachitatu lija munaimba, ndinati zonse zili bwino kenaka ndinanamizira netiweki. Netiweki inalipo. Mawu ndi amene anandikanika, ndiye ndati ndiyese pepala poti ilo silindidula pakamwa.

Chinkhoswe cha Disembala chija sichichitikanso. A Ngozo anatuma ankhoswe awo kwa amalume sabata yatha kukanena kuti zatha.

Ndikudziwa zimene zabwera m'mutu mwanu. Tsiku limene ndinakuuzani za a Dyton Ngozo munayamba kufunsa zaka zawo, ndipo mutamva munati munthu ameneyo akanatha kundibereka. Komabe munawakonda mutawaona pa Khirisimasi, muja anaphunzitsa alamu kuzindikira mpunga wa kilombero weniweni pongonunkhiza. Ndikupempha mumve kaye nkhani yonse musanawaweruze.

Zinayamba titangokolola. Mpunga wawo unachita bwino kuposa wa anzawo onse musikimu ya mthirira, kunalibe maliro, sitinakangane. Anangosiya kubwera. Lachisanu lililonse ankandidikira ndi njinga pansi pa mtengo wa mango kusukulu, ndiye atajomba kawiri ndinapita kwawo. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba atayang'ana khoma, wailesi ili chete pamene mpira unali mkati. Matumba a mpunga anali pakhonde osasoka, nkhuku zikudzitumikira. Nditawafunsa anati angotopa.

Kutopako sikunathe. Anzawo anadzala nyemba, munda wawo unamera udzu. Kukwaya anasiya, ndevu anazilekerera, chakudya ankangochilawa. Anthu anayamba zawo. Ena ankati alodzedwa chifukwa cha zokolola, ena ankati kamtsikana kophunzitsa kusukulu kaja kawadyetsa kondaine n'kupyoza muyezo. Kumsika azimayi ankasiya kuyankhula ndikafika.

Ine ndinakumbukira Yankho, mnzanga uja ndinkagona naye chipinda chimodzi kukoleji. Nayenso anakhalapo chonchi, tinamuperekeza kuchipatala, ndipo lero akuphunzitsa bwinobwino. Ife amsinkhu wathu zimenezi timazikamba, ngakhale pa wailesi amanena. Choncho ndinawauza a Ngozo mosabisa kuti awa ndi matenda okhumudwa, amagwira aliyense ndipo ali ndi mankhwala. Anandifunsa ngati ndikutanthauza kuti apenga. Ndinaisiya nkhaniyo.

Chimene chinandiopsa chinabwera mu Ogasiti. Anapereka jekete yawo yakutchalitchi kwa mwana wawo wamkulu, ndipo madzulo a tsiku lomwelo anandiuza, ngati akukamba za nyengo, kuti ana akula ndiye palibe amene angavutike iwo atachoka. Ndinalowa m'chipinda chosungira mbewu, ndinatola mankhwala onse ophera tizilombo n'kukawataya m'chimbudzi. M'mawa mwake ndinawanyengerera kuti tikayezetse BP. Linali bodza, achemwali, koma ndinalibe njira ina yowakwezera panjinga.

Dokotala amene tinamupeza ndi mnyamata, mwina wamng'ono kwa mwana wawo woyamba. Ndinali nditamunong'oneza kale pakhomo. Tisanayambe anafunsa ngati ine ndituluke, koma a Ngozo anati ndikhale, poti iwo ankayesa kuti angobwera kudzayezetsa BP. Atawayeza anayamba kuwafunsa za tulo, za chakudya, za ntchito, mofatsa ndi mwaulemu ndithu. Kenaka anati, "Bambo, kodi nthawi zina mumaganiza kuti bola kufa?"

A Ngozo anazunguliza chipewa m'manja mwawo. Ndinkayembekeza kuti akana.

"Tsiku lililonse," anatero, ndipo analira. Sikunali kulengeza misozi ayi, kunali kulira kogwedeza mapewa. Ndinawagwira dzanja, iwo analichotsa.

Pobwerera sanakwere njinga, ankangoikankha, ine ndili pambuyo ndi kapepala ka mapilisi. Titafika pa ngalande yaikulu anaima osatembenuka, n'kunena kuti, "Mwandivula pamaso pa mwana, inu muli pomwepo kuonerera."

Patapita masiku ochepa kunabwera a Zelesi, mlongo wawo wamkulu wa ku Biriwiri. Ndinakonzeka kutukwanidwa, koma gogoyo anangofikira kugwira ntchito. Anachapa zovala, anasoka matumba aja, ndipo m'mamawa ankapita kukalambula kumunda kuti odutsa aziyesa kuti mwiniwake wayambanso ntchito. Obwera kudzazonda ankawauza kuti ndi malungo. Ine zinandikwiyitsa. Ndinawapeza akupeta mpunga n'kuwafunsa kuti kubisako kuthandiza ndani.

Osasiya kupeta, anandifotokozera za bambo awo. Anabwerako ku migodi ya ku Joni ndi sutikesi ndi njinga, mudzi wonse unavina, koma chaka chisanathe anakhala pansi pa mtengo osafunanso kudzuka. Mayi awo ankangowaikira chakudya, ankalima okha usiku usanathe, ndipo kwa anthu ankati ndi chifuwa cha kumigodi. Sanawafunsepo n'kamodzi komwe chimene chikuwavuta, poti kufunsa kukanakhala kuwachotsa ulemu.

"Mwana wanga," anatero a Zelesi, "nthawi yathu munthu ukamukonda unkamufunditsa. Inu amakono mukakonda mumavundukula."

Ndinafunsa ngati bambowo anachira. Anapeta kanthawi, kenaka anati anawapeza m'mawa wina kudimba, ndipo maliro awo m'tchalitchi sanawalowetse. A Ngozo anali ndi zaka khumi, ndipo atalira pamaliropo amalume awo anawamenya khofi kuti mwamuna salira. Nkhani imeneyi iwo anali asanandiuzepo.

Atatha kupeta anandifunsa kumene kunali mapilisi aja. Kuyambira tsiku limenelo ndi iwo amene ankawapatsa m'mawa uliwonse pamodzi ndi phala, akuti ndi a BP. A Ngozo ankadziwa kuti si a BP, a Zelesi ankadziwa kuti akudziwa, koma ankamwa. Kwa ine akanakana.

Ndipo anayamba kupezako bwino. Mwezi watha anameta, anabwerera kumunda, wailesi inayambanso kulira. Ndinasangalala ngati mwana, mpaka ndinapita kwa telala kukasoketsa diresi la pa chinkhoswe. Sindinadziwe kuti mphamvu zimene zikubwererazo adzayamba kuzigwiritsa ntchito pa ine.

Amalume atandiuza uthenga uja ndinawalondola a Ngozo kumunda. Anandilandira mwaulemu, anandiyalira thumba kuti ndikhalepo. Anati ndisadziimbe mlandu chifukwa sindinalakwe, ndiponso kuti pakadapanda ine mwina bwenzi pano anthu akulira maliro awo. "Koma ndikakuonani ndimaona chipinda chija," anatero. "Sindingakhale mwamuna m'nyumba ya mkazi amene anandiona ndili muja."

Ndinawauza kuti tsiku limenelo silinawachepetse m'maso mwanga, kuti ndinatuluka m'chipinda muja ndikuwakonda kuposa mmene ndinalowera. Anagwedeza mutu n'kunena kuti chimenecho ndiye chikuwapweteka, safuna kukondedwa ngati wodwala. Ndinagwada m'matope, achemwali, ine amene ndinkaseka akazi ogwadira amuna. Anandidzutsa, anandisasa matope pachitenje, n'kutola khasu lawo.

Masiku ena ndimawakwiyira. Ndimati munthu wamkulu chonchi angataye bwanji banja chifukwa cha misozi ya tsiku limodzi. Kenaka ndimakumbukira kamnyamata kaja kanamenyedwa pamanda a bambo ake, mkwiyo n'kutha, n'kutsala chisoni chokha. Ine ndinakula ndikumva kuti ukadwala umanena. Iwo anakula akuona kuti ukanena watha. Ndinkayesa kuti zaka zimene zili pakati pathu zidzativutitsa iwo akadzakalamba, osadziwa kuti zinali kale m'nyumba.

Mukandifunsa ngati ndikanawatengeranso kuchipatala, ndikanawatengera. Bola akhale moyo osakhala anga. Chimene chimandidya n'chimodzi. Pamene dokotala anafunsa ngati ndituluke, ine ndinkadziwa mafunso amene akubwera, iwo sankadziwa. Ndikanangoimirira n'kukadikira panja. Ndinkafuna kukhala nawo pafupi, sindinaganize kuti kwa iwo chifundo chikanakhala chitseko chotseka.

Lamulungu anaimba m'kwaya, mawu awo a besi aja anamveka mpaka kumbuyo. Potuluka tinakumana pakhomo. Anavula chipewa n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?" Chiyambireni ankanditchula ndi mfunda wanga, Nagama. Ndinayankha kuti ndadzuka bwino, kaya iwo, ndipo anati nawonso adzuka bwino. Ndinaona kuti akunena zoona.

Ndili ndi zopempha. Musawaimbire foni, ndipo alamu muwaletse. Amayi mukamawauza mungoti tinasiyana mwamtendere, za chipatala zikhale pakati pa inu ndi ine, poti mwina ndaphunzirako pang'ono kufunditsa. Muziwapempherera kuti asasiye mankhwala, chifukwa a Zelesi akubwerera ku Biriwiri mvula ikayamba ndipo sindikudziwa adzawaikire phala ndani. Sukulu zikatsekera ndikufuna ndibwere kwanuko ndidzakhaleko pang'ono, kumene njinga iliyonse yodutsa pamsewu sindidzaitembenukira.

Moni kwa alamu. Moni wapadera kwa Tikondwe ndi Mfundo. Ndinaona kavidiyo kamene munatumiza akuyeserera masitepe ovina pa chinkhoswe cha azakhali awo, Mfundo akungophonyaphonya mwendo. Musawauze kaye. Asiyeni azivina madzulo aliwonse, ndidzawauza ndekha ndikafika.

Ndine mng'ono wanu,
Loyce