Khadi la kutsirika munda

Lachitatu. Mwera tsiku lonse, alendo kulibe, loji yangoti zii.

Masana ine ndi Kondwani wa kukhitchini timagawa makhadi a matsenga a masewera athu a madayisi, momwe aliyense amasanduka munthu wa m'nthano. Milu ndi iwiri, matsenga ochiritsa ndi opweteka. Tinakangana pa khadi la kutsirika munda wa chinangwa. Ine ndinati n'chitetezo chabe. Iye anati, "Nanga wakuba akatupa miyendo, wamuchiritsa? Aise, umenewo ndi ufiti. Akulu a mpingo ku Bandawe akamva, andichotsa m'kwaya."

Anandibwezera madayisi n'kumapita. Ndiye yekha amene anatsala kusewera nane.

Khadilo ndalisiya pakati pa milu iwiriyo. Mwina pakufunika mulu wachitatu, koma woti nditsutsane naye palibenso.