Takondwa Watsika M'phiri

Kamwendo, Mchinji
14 Juni 2003

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitwe kumeneko ndi banja lonse. Kuno tilipo, mtedza takumba.

Amalume, kuphiri kuja ndapita, ndipo ndabwera naye! Takondwa, mwana wa malemu achemwali anga a Rozi, ali m'nyumba mwanga muno. Paja munati tidikire mudzabwere pa Khirisimasi poti mwinimbumba ndinu. Khirisimasiyo inabwera yokha.

Wakabaza ananditula m'tsinde, nati njinga sikwera kumeneko. Ine uchitsiru, ndinavala nsapato za kutchalitchi kuti akuchimuna asandiderere. Ndinafika zili m'manja, mapazi akutuluka magazi. Mudzi wa kwawo kwa bambo ake a Takondwa uli pamwamba penipeni, mphepo yake yolowa m'mafupa, ndipo minda ya ku Zambia umaionera pansi.

A Vitus, abambo ake aang'ono a mwanayo, anati, "Mayi, nkhani ya mwana timakamba ndi mwamuna. Mwinimbumba ali kuti?"

Ndinati, "Kodi munalowola? Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Mwamuna mukumufunayo phiri ili sanakwere, ndakwera ndine." Mayi wina mpaka anaimba nthungululu! Takondwa anakatenga yekha kachitenje kake.

Potsika ndinamubereka, ngakhale ndi wamkulu kale. Sakulemera, amalume. Alinso ndi kachifuwa kouma, konga kamene munakamva kwa mayi ake. Mwina ndi mphepo ya kuphiri chabe. Lolemba tipita kuchipatala.

Nsapato zija Takondwa walanda. Akuti ndimusungire, adzavala popita ku sekondale. Ndazipukuta, ndaziika m'sutikesi.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Anasi