Mtsikana wa Pagolo

Loweruka, 14 Maio 1994, Fíngoè

Tatsegula sentulu ya achinyamata lero. Nyumba yake ndi ija ankasungiramo thonje nkhondo isanafike. Denga theka, makoma mabowo a zipolopolo okhaokha. Ndimayembekeza ana makumi awiri, abwera oposa zana. Obwerera ku Zambia ngati ine, otsala kuno, ena otuluka m'tchire chaka chomwechi. Ine kuphunzitsa kuwerenga m'mawa, Abílio bola, mpira wamiyendo, masana. Abílio anali msilikali, watsala ndi dzanja limodzi. Koma mmene anawo amamuunjirira! Ndinangoima pakhomo kukamwa yasa.

Lachitatu, 25 Maio

Ntchito ina yawonjezeka: kulemba mu kaderno, buku lathu la maina, ana osiyana ndi makolo awo. Lero mtsikana wa zaka ngati 16, khanda kumsana. Dzina Palmira. Asilikali anamutenga kuchitsime ali wamng'ono kwambiri. Dzina la bambo sakulikumbukira. Mudzi? "Panali mlambe ndi mbuzi." Dera lathu lonseli la Maravia ndi milambe ndi mbuzi. Tsamba lake latsala loyera. Chandiwawa.

Loweruka, 4 Junho

Choko chatha, tikulembera chinangwa chouma. Chikuoneka ndithu.

Palmira m'kalasi satulutsa mawu. Koma lero atsikana anasowa woima pagolo, iye kungondipatsira khanda, ulendo. Mulungu wanga! Kudumpha ngati alibe mafupa. Palibe bola inalowa. Abílio akuti, "Mana Carolina, uyu sawopa chomubwerera kumaso." Sindikufuna kuganiza kumene anaphunzira zimenezo.

Loweruka, 25 Junho

Tsiku la ufulu. Kamyau, lole yaikulu, yabwera ndi a ku Chipera, anyamata a bola ndi amayi ovina chimtali. Atigonjetsa 2 kwa 1, zilibe kanthu.

Masana magule pakampu, pabwalo la bola. Amayi a ku Chipera atayambitsa nyimbo yawo, ife osaidziwa, mawu ena anavomera kumbali kwathu kuno. Palmira! Nyimbo yonse, mpaka ndime ina imene eni akewo anaisiya kalekale. Ng'oma zinaima zokha. Mayi wina, Domingas, anamugwira chibwano, kumutembenuza uku ndi uku. Akuti nyimboyo anaipeka ndi malemu mkazi wa bambo Caetano a kwawoko, ndipo mwana wawo wamkazi anatengedwa zaka khumi zapitazo. Dzina lake Palmira.

 Mwezi wathunthu ndikumufunsa mafunso, chonsecho mudzi wake unali pakhosi pake.

Loweruka, 2 Julho

Kalata kwa bambo Caetano inapita pa kamyau yomwe ija. Mpaka lero zii. Mwina amva za khanda. Alipo makolo akukana ana obwera ndi mimba za kutchire, ndawaona ndi maso anga. Dzulo Palmira anandikoka chitenje: "Akandikana ndizikhala kuno, eti?" Ndinati inde. Kumene ndingamugoneke sindikudziwa.

Mphepo yasasula malata awiri. Anyamata akhomanso okha, osatumidwa.

Loweruka, 9 Julho

Bambo Caetano abwera. Wapansi, masiku awiri panjira. Mdala wowonda, chipewa m'manja, mapazi ong'aluka. Afika bola ya atsikana ili mkati, ine khanda kumsana. Ndinati ndiimitse masewero, iwo anakana: "Musiyeni amalize, mayi. Amene wadikira zaka khumi sangalephere kudikira pang'ono pokhapa."

Sindinawalozere. Anapita okha kukaima kuseri kwa golo. Akuti kaimidwe ndi ka amake.

Palmira anacheuka kamodzi kokha. Anadziwa. Komabe anagwira bola ina, kenako inanso.

Abílio ataimba mluzu, mtsikanayo sanasunthe pagolo.  Mdalayo sanapite kwa iye. Anabwera kwa ine, kundipempha kuti ndimasule chitenje. Ananyamula khanda ndi manja awiri, kuliyang'ana nthawi yaitali. Za bambo wake sanafunse. Anangofunsa dzina la khandalo.

Palmira anayankha ali pomwepo, mawu ang'onoang'ono, kuti alibe. Ankawopa kum'patsa asanadziwe ngati ali ndi kwawo.

Iwo anati, "Ndiye tiye kwathu, mwananga, tikam'patse."

Apo ndi pamene Palmira anawathamangira.